CONSTANTINE WAMKULU NDI MZINDA UMENE ADAUMANGA

Pa mafumu onse amene adalamulira dziko la Aroma, amene Akristu amamdziwa kwambiri ndi Constantine. Amamkumbukira chifukwa ndiye adathetsa mazunzo, nabwezera Eklezia ufulu wa kupembedza Mulungu poyera. Koma pali ntchito inanso imene mfumuyi idaikapo mtima pa zaka 13 zotsiriza za moyo wake, ndiyo ya kumanga likulu latsopano m'mbali mwa nyanja, pamalo pamene maiko a Europe ndi Asia amapenyana. Mzindawo udatchedwa Constantinople, ndiye kuti mzinda wa Constantine, ndipo lero ndiwo Istanbul, m'dziko la Turkey. Mbiri ya munthuyu iwonetsa zimene zimafunika kuti mzinda waukulu ukhale ndi moyo, ndiponso anthu amene amasenza katundu wake.

UBWANA WAKE

Constantine adabadwira ku Naissus, mudzi umene lero ndi Niš m'dziko la Serbia, cha m'ma 272. Atate ake, Constantius, adali mkulu wa asilikali. Amai ake, Helena, adali munthu wamba wa m'banja losauka. Masiku amenewo dziko la Aroma lidali lalikulu koopsa, kuyambira ku Britain kufikira ku Egypt ndi ku Syria, ndipo adani ankaliputa mbali zonse. Mfumu Diocletian idaona kuti munthu mmodzi sangathe kuliteteza yekha, tsono m'chaka cha 293 idakonza zakuti mafumu akhale anai, awiri aakulu ndi awiri aang'ono. Constantius adasankhidwa kukhala mmodzi wa aang'onowo, napatsidwa maiko a Gaul ndi Britain. Nthawi imeneyo nkuti atamleka kale Helena, nakwatira mkazi wa m'banja lachifumu.

Mnyamata Constantine adakulira ku bwalo la Diocletian ku Nicomedia, kuvuma. Kumeneko adaphunzira za nkhondo ndi za kuyendetsa dziko, ndipo adaonanso mwambo watsopano wa mafumu a nthawiyo. Iwo sankakhalanso ku Roma, popeza mzindawo udali kutali ndi malire kumene kunkachitika nkhondo. Aliyense ankadzisankhira mudzi pafupi ndi asilikali ake, naukongoletsa: wina Milan, wina Trier, wina Thessalonica. Diocletian adasankha Nicomedia, ndipo ankagumula nyumba za anthu kuti amangepo zake, pofuna kuti mudziwo ufanane ndi Roma. Mumzinda womwewo, pa 23 Febuluwale 303, asilikali adagwetsa tchalitchi chimene chidali pafupi ndi nyumba ya mfumu, ndipo apo mpamene padayambira mazunzo aakulu a Akristu.

NJIRA YA KU UFUMU

M'chaka cha 305 Diocletian adatula pansi ufumu, ndipo Constantine adapita kwa atate ake kuzambwe. Constantius adamwalira ku York pa 25 Julayi 306, pamenepo asilikali adalonga mwana wake ufumu. Constantine adakhazikika ku Trier, m'dziko limene lero ndi Germany, ndipo kumeneko adayamba kuoneka kuti ngwokonda zomangamanga. Nyumba yaikulu ya njerwa imene ankalandiriramo alendo ikali chiimire mpaka lero.

Posakhalitsa mafumu aja adayambana. M'chaka cha 312 Constantine adaoloka mapiri a Alps kukamenyana ndi Maxentius, amene adali atagwira mzinda wa Roma. Olemba mbiri achikristu, Lactantius ndi Eusebius, adasimba kuti nkhondo isanayambe mfumu idaonetsedwa chizindikiro cha Kristu, ndipo idalamula kuti asilikali achinyamule. Pa 28 Okutobala 312, pa mlatho wa Milvian, Maxentius adagonja namira mumtsinje wa Tiber. Chaka chotsatira Constantine adakumana ku Milan ndi Licinius, mfumu inzake, nagwirizana kuti munthu aliyense apembedze mwaufulu, ndi kuti Akristu abwezeredwe nyumba zao zopemphereramo. Ku Roma adamangira Papa tchalitchi cha Lateran, ndipo pambuyo pake adayamba tchalitchi chachikulu pamanda a Petro Woyera. Komabe iye mwini sadafune kukhala ku Roma, kumene mabanja akuluakulu a aphungu ankapembedzabe milungu yakale. Pa ufumu wake wonse adafikako katatu kokha.

Chibwenzi chake ndi Licinius sichidakhalitse. M'chaka cha 324 adamenyana nkhondo yotsiriza. Licinius, atagonja ku Adrianople, adathawira m'mudzi wa malinga wotchedwa Byzantium, ndipo Constantine adauzinga. Mwana wake wachisamba, Crispus, adaphwanya zombo za mdaniyo pa mpata wa Hellespont, ndipo pa 18 Sepitembala Licinius adagonjeratu ku Chrysopolis, kutsidya kwa Byzantium. Kuyambira tsiku limenelo Constantine adali mfumu yekha ya dziko lonse la Aroma. Pouzinga mudzi uja adali ataona ndi maso ake kuvuta kwa kuulanda.

KUSANKHA MALO

Byzantium udali mudzi wakale wa Agriki, umene anthu ochokera ku Megara adaukhazika zaka zoposa 600 Kristu asanabadwe. Sudali wotchuka kwambiri, ndipo episkopi wake adali pansi pa episkopi wa ku Heraclea. Koma malo ake adali osowa. Udamangidwa pa dziko losongoka lolowa m'nyanja. Kumwera kwake kuli nyanja ya Marmara. Kumpoto kuli mkono wa nyanja wozama ndi wabata, wotchedwa Golden Horn, m'mene zombo zimakocheza popanda kuopa namondwe. Ndipo pansonga pake pali mpata wa Bosporus, umene chombo chilichonse chochokera ku Black Sea chiyenera kudzerapo. Mdani wobwera pamtunda ali ndi njira imodzi yokha, ya kuzambwe, ndipo imeneyi nkotheka kuitseka ndi linga.

Adani oopsa a Aroma adali awiri: mtundu wa Goths kutsidya kwa mtsinje wa Danube, ndi ufumu wa Persia cha ku mtsinje wa Euphrates. Misewu ikuluikulu ya asilikali yochokera ku Europe inkathera pa Byzantium, ndipo ya ku Asia inkayambira kutsidya kwake, kotero kuti mfumu yokhala pamenepo inkatha kuthamangira mbali iliyonse imene kwabuka nkhondo.

Komabe malowo adali ndi chilema. Padalibe mtsinje waukulu, koma kamtsinje kamodzi kotchedwa Lycus. Minda yozungulira sikadatha kudyetsa khamu lalikulu, ndipo dzikolo limagwedezeka ndi zivomezi kawirikawiri. Wofuna kusonkhanitsa anthu zikwizikwi pamalo otere adayenera kuwatengera chakudya ndi madzi kuchokera kutali, tsiku ndi tsiku. Walira mvula walira matope.

NTCHITO YA KUMANGA

Pa 8 Novembala 324, patangopita masabata 7 chigonjetsere Licinius, mfumu idalemba malire a mzinda watsopano. Mbiri ina yakale imati idayenda patsogolo, mkondo uli m'manja, ndipo nduna zake zidazizwa poona kukula kwa dziko limene inkazinga. Linga latsopano lidamangidwa pafupifupi makilomita 3 kuzambwe kwa lakale, kuchokera ku Golden Horn kufikira ku Marmara, ndipo mzinda udakula katatu kapena kanai.

Msana wa mzindawo udali msewu waukulu wotchedwa Mese, wokhala ndi makonde a nsanamira uku ndi uku, m'mene amalonda ankagulitsiramo ndipo oyenda ankabisalamo dzuwa ndi mvula. Msewuwo unkayambira pa chipilala cha Milion, pamene ankawerengera kutalika kwa misewu. Kunja kwa chipata chakale mfumu idalambula bwalo lozungulira, ndipo pakati pake idaimika mzati wa mwala wofiirira wochokera ku Egypt. Pamwamba pa mzatiwo padali chifaniziro cha Constantine, atavala chisoti cha malaza ngati a dzuwa.

Cha kunsonga kwa mzinda adamanga nyumba ya mfumu, yoyang'ana kunyanja, ndipo pambali pake adakuza bwalo la mpikisano wa magaleta a akavalo, lotchedwa Hippodrome, lotalika pafupifupi mamita 450. Padali njira yochokera m'nyumba ya mfumu yolowa m'chipinda chapamwamba pa bwalolo, kuti mfumu izionekera kwa anthu ake. Kumeneko anthu ankaitamanda, ndipo kumenekonso ankaiuza madandaulo ao mofuula. Adakonzanso nyumba yaikulu yosambiramo ya Zeuxippus, namanga nyumba zosonkhaniramo aphungu.

Mzinda watsopano udalibe zinthu zakale zodzitamira nazo, tsono mfumu idatuma anthu kukatenga za mizinda ina. Zifaniziro za mkuwa ndi za mwala zidachotsedwa m'mabwalo ndi m'nyumba za milungu ku Greece ndi ku Asia, nizikwezedwa pa zombo. Kuchokera ku Delphi adatenga mzati wa mkuwa wa njoka zitatu zopotana, umene Agriki adaupanga atagonjetsa a ku Persia ku Plataea, zaka 479 Kristu asanabadwe. Jerome Woyera adalemba pambuyo pake kuti Constantinople adavekedwa ndi zimene mizinda ina idavulidwa.

Amisiri adachepa. M'chaka cha 334 mfumu idalembera nduna yake ya ku Africa kuti ifunefune anyamata a zaka ngati 18 oti aphunzire luso la kulinganiza nyumba, ndi kuti iwo pamodzi ndi makolo ao amasulidwe ku ntchito za boma zolemetsa, ndiponso kuti ophunzirawo azilandira malipiro. Koma mfumu inkafulumira, ndipo wolemba mbiri Zosimus adanena kuti nyumba zina zidayamba kugumuka posachedwa chifukwa chomangidwa mwaphuma. Ntchito ili mkati, mzinda udatsegulidwa ndi chikondwerero chachikulu pa 11 Meyi 330, ndipo tsikuli lidasungidwa chaka ndi chaka ngati tsiku la kubadwa kwa mzinda.

ANTHU NDI MKATE

Nyumba zikaima, pafunika anthu okhalamo. Constantine adakopa akuluakulu powapatsa nyumba ndi maudindo, ndipo adalamula kuti onse ogwira minda ya mfumu m'maiko a Asia ndi Pontus amange nyumba mumzinda watsopano. Adakhazika bungwe la aphungu, ngakhale ulemu wake udali wochepera wa aphungu a ku Roma. Koma chimene chidakoka anthu wamba chidali chakudya. Kuyambira m'chaka cha 332 boma lidayamba kugawa mkate waulere tsiku lililonse, ndipo wolemba mbiri Socrates adatchula magawo 80,000. Womanga nyumba ankalandira gawo lake, ndipo gawolo linkatsata nyumbayo ikagulitsidwa.

Tirigu wa mkatewo ankalimidwa ku Africa, m'chigwa cha mtsinje wa Nile. Kwa zaka zoposa 300 alimi a ku Egypt ankadyetsa mzinda wa Roma. Tsopano msonkho wao wa tirigu udatembenuzidwira ku Constantinople, ndipo Roma adatsala kudalira minda ya kumpoto kwa Africa, cha ku Carthage. Chaka ndi chaka tiriguyo ankatsika ndi mabwato mpaka ku Alexandria, nakwezedwa pa zombo zazikulu zooloka nyanja ya Mediterranean. Zikafika pa mpata wa Hellespont zinkayenera kudikira mphepo ya kumwera, popeza madzi a pamenepo amathamanga kuchokera kumpoto.

Motero moyo wa mzinda wonse udapachikika pa zombo ndi pa mphepo, ndipo mfumu inkadziwa kuti anthu anjala samvera munthu. Wolemba wina wachikunja, Eunapius, adasimba kuti nthawi ina zombo zitachedwa, adani a Sopater, munthu wanzeru wa pa bwalo la mfumu, adamnamizira kuti wamanga mphepo ndi matsenga, ndipo mfumu idalola kuti aphedwe. M'chaka cha 335 adani a Athanasius Woyera, episkopi wa ku Alexandria, atalephera kumgwetsa ndi milandu ina, adamneneza kuti waopseza kuletsa zombo za tirigu kuti zisanyamuke. Mfumu idapsa mtima, nimpirikitsira ku Trier. Mlandu wa mkate udachita zimene milandu ya chipembedzo idalephera kuchita.

MTENGO WAKE

Ndalama zomangira mzinda zidachokera kutatu. Poyamba padali chuma chimene Licinius adachikundika. Kenaka mfumu idatuma nduna kukalanda golide ndi siliva m'nyumba za milungu yakale. Ndi golideyo idachulukitsa ndalama yake yotchedwa solidus, yolemera magalamu 4 ndi theka, imene idasunga mphamvu yake zaka pafupifupi 700. Chachitatu udali msonkho wa amalonda ndi amisiri, wolipira ndi golide kapena siliva pakapita zaka zingapo. Umenewu udawawa kwambiri osauka. Zosimus, amene ankadana ndi Constantine, adalemba kuti nyengo ya msonkhowo ikafika, m'mizinda munkamveka kulira, ndipo makolo ena ankagulitsa ana ao. Msonkhowo udatsala mpaka m'chaka cha 498, pamene mfumu Anastasius idauthetsa.

M'banja la mfumu namonso mudagwa tsoka. M'chaka cha 326, makoma a mzinda akukwera, Constantine adalamula kuti mwana wake Crispus aphedwe ku Pola, ndipo patangopita nthawi yochepa mkazi wake Fausta adafera m'nyumba yosambiramo. Maina a awiriwo adafafanizidwa pa miyala. Mwana amene zombo zake zidatsegulira atate ake njira ya ku Byzantium sadaone tsiku la kutsegulidwa kwa mzinda. Chaka chomwecho mfumu idafika ku Roma kotsiriza. Ndipo cha m'nyengo yomweyo Helena, atakalamba, adanyamuka ulendo wa ku Dziko Loyera, kumene adathandiza osauka ndi am'ndende, ndi kuyang'anira kumangidwa kwa matchalitchi ku Bethlehem ndi pa Phiri la Olivi. Mwambo wakale wa Eklezia umati ndiye adapeza Mtanda Woyera.

MATCHALITCHI A MZINDA WATSOPANO

Constantinople sadakhale mzinda wachikristu tsiku limodzi. Nyumba za milungu yakale pa phiri la kunsonga zidasiyidwa chiimire, ndipo chifaniziro cha mfumu pa mzati uja chinkakumbutsa anthu ambiri za mulungu wa dzuwa. Komabe zomanga zazikulu za chipembedzo zimene mfumu idazisiya zidali za Akristu. Idakuza tchalitchi cha episkopi, chotchedwa Hagia Eirene, ndiye kuti Mtendere Woyera, ndipo idalembera Eusebius, episkopi wa ku Caesarea, kuti alembetse mabuku 50 a Malembo Oyera pa zikopa zabwino, chifukwa Akristu a mumzindawo ankachuluka. Mabukuwo adayenera kunyamulidwa pa magaleta awiri a boma.

Pa phiri lalitali, pafupi ndi linga, idamanga nyumba yolemekeza Apostoli Oyera. M'katimo idaika mabokosi 12 a mwala okumbukira Apostoli, asanu ndi limodzi mbali iyi ndi asanu ndi limodzi mbali inayo, ndipo pakati idasiya malo a bokosi lake. Eusebius adaona chikhulupiriro m'zimenezi, kuti mfumu idafuna kulandirako mapemphero operekedwa pamalopo. Ena adaonamo kudzikuza. Tchalitchi chachikulu cha Hagia Sophia, ndiye kuti Nzeru Yoyera, chidadalitsidwa m'chaka cha 360, pa ufumu wa mwana wake Constantius II.

Pafupi ndi mzinda watsopano, kutsidya kwa nyanja, kudali mudzi wa Nicaea. Kumeneko m'chaka cha 325 mfumu idaitana aepiskopi ku msonkhano waukulu woyamba wa Eklezia yonse, umene udatsutsa chiphunzitso cha Arius, nutsimikiza kuti Mwana ndi Mulungu weniweni pamodzi ndi Atate. Msonkhano wachiwiri udachitikira mu Constantinople momwe m'chaka cha 381, ndipo chikhulupiriro chimene Akristu amachinena pa Misa ya Lamulungu chidachokera ku misonkhano iwiriyi. Msonkhano wa 381 udalamulanso kuti episkopi wa Constantinople alandire ulemu motsatira episkopi wa Roma, chifukwa mzinda wake ndi Roma watsopano. Pamene msonkhano wa ku Chalcedon udafuna kuwonjezera mphamvuzo m'chaka cha 451, Papa Leo Wamkulu adakana, poti ulemu wa mpando wa Roma udachokera kwa Petro Woyera, osati ku kukula kwa mzinda. Apa padamera mbeu ya mikangano imene pambuyo pake idalekanitsa Akristu a kuvuma ndi a kuzambwe.

IMFA YAKE

Monga ankachitira anthu ambiri a masiku amenewo, Constantine adachedwetsa ubatizo mpaka kumapeto. M'chaka cha 337, akukonzekera nkhondo ndi Persia, adadwala itangopita Pasaka. Adaoloka nyanja kukafuna madzi otentha ochiritsa, napemphera ku Helenopolis, mudzi umene adautcha dzina la amai ake. Ataona kuti matenda akula, adapempha ubatizo pafupi ndi Nicomedia, ngakhale adali atalakalaka kukabatizidwa mumtsinje wa Jordan. Adambatiza ndi Eusebius wina, episkopi wa ku Nicomedia, amene ankakondera Arius. Atabatizidwa sadavalenso chovala chofiirira chachifumu, koma adakhala m'zoyera mpaka adamwalira pa 22 Meyi 337, tsiku la Pentekoste. Thupi lake lidaikidwa m'bokosi la golide, nilitengedwera ku mzinda wake. Anthu a ku Roma adayembekeza kuti adzaikidwa kwao, koma adagonekedwa pakati pa mabokosi a Apostoli aja. Akristu a kuvuma amamkumbukira pamodzi ndi amai ake pa 21 Meyi. Eklezia ya ku Roma imakumbukira Helena Woyera pa 18 Ogasiti.

ZIMENE ADATSIRIZA ENA

Pamene Constantine ankamwalira, mzinda wake udali ndi mabwalo okongola ndi misewu yotakasuka, koma malo ambiri m'kati mwa linga adali opanda nyumba, ndipo anthu ena ankaganiza kuti udzazirala monga Nicomedia. Udakhala chifukwa mafumu otsatira adapitiriza ntchito. Constantius II adachulukitsa aphungu, ndipo m'chaka cha 359 adaika bwanamkubwa woyamba wa mzinda, monga zidaliri ku Roma. Julian adakumba doko latsopano pa nyanja ya Marmara m'chaka cha 362, ndipo Theodosius I adawonjezera lina lalikulu, pafupi ndi nkhokwe za tirigu. Kuyambira m'chaka cha 2004, anthu okumba njira ya sitima pamalo a doko limeneli adapeza zombo zakale 37 zitakwiririka m'matope.

Vuto la madzi ndilo lidatenga nthawi. Ngalande yakale ya m'masiku a mfumu Hadrian sinkafika pa mapiri aatali a mzinda watsopano. Amisiri adayenera kukatenga madzi ku akasupe a m'mapiri a Thrace, kuwayendetsa m'ngalande zamwala, m'mapanga okumba ndi pa milatho. Madziwo adafika m'chaka cha 373, pa ufumu wa Valens, patapita zaka 36 Constantine atamwalira. Pambuyo pake ngalandeyo idatalikitsidwa kuposa makilomita 250, ndipo mumzinda adakumba maiwe akuluakulu osungiramo madzi, ena apoyera, ena apansi pa nthaka.

Anthu atachuluka nasefukira kunja kwa linga la Constantine, nduna Anthemius idamanga linga lina kuzambwe kwake, pa ufumu wa Theodosius II, ndipo lidatha m'chaka cha 413. Chivomezi chitaligwetsa m'chaka cha 447, uku ankhondo a Attila akuyandikira, anthu a mumzinda adalikonza m'masiku 60. Buku lina la boma lolembedwa cha m'ma 425 lidawerenga zimene zidali mumzindamo: zigawo 14, matchalitchi 14, nyumba zikuluzikulu 4,388, nyumba zosambiramo za boma 8 ndi za anthu 153, nyumba zophikiramo mkate za boma 20 ndi za anthu 120, ndiponso malo 117 ogawirapo mkate. Pofika masiku a mfumu Justinian, amene adamanganso Hagia Sophia nachitsegula m'chaka cha 537, akatswiri amayesa kuti anthu adali atayandikira theka la miliyoni.

Nzeru ya Constantine posankha malo idaoneka pa masiku amavuto. M'chaka cha 378 a Goths adapha mfumu Valens ku Adrianople, nafika pa makoma a Constantinople, koma adabwerera. Roma adafunkhidwa m'chaka cha 410, ndipo ufumu wa kuzambwe udatha m'chaka cha 476, pamene mzinda wa pa Bosporus udaimabe. Mkate waulere udaleka m'chaka cha 618, a ku Persia akulanda Egypt, ndipo anthu adachepa. Komabe malinga adagwira. M'chaka cha 1204 ankhondo achikristu a kuzambwe adalowa chakunyanja nafunkha mzinda ndi manda a mafumu, chinthu chimene Papa Innocent III adachidzudzula kolimba. Potsiriza, pa 29 Meyi 1453, mfumu Mehmed II ya a Ottoman idaboola linga la kumtunda ndi mizinga, patapita zaka 1,123 chitsegulire mzinda. Mfumu yotsiriza ya Akristu, imene idafera pankhondoyo, idali nayonso Constantine.

Tchalitchi cha Apostoli Oyera chidagumulidwa, ndipo pamalo pake padamangidwa mzikiti wa Fatih. Chifaniziro cha mfumu chidagwa ndi mphepo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1100, koma mzati wofiirira uja ukali chiimire, womangidwa ndi malamba achitsulo, ndipo msewu wodutsa pambali pake umatsatabe njira ya Mese. Mzati wa njoka ukali pa bwalo la Hippodrome, mlatho wa madzi wa Valens ukali pakati pa mzinda, ndipo malinga a Theodosius akuonekabe kuzambwe.

Constantine adali munthu wa mtima wapachala, wokonda ulemu, wosachedwa kukhetsa mwazi, ndipo mbiri yake siibisa zimenezi. Adalinso munthu woona patali, amene adazindikira malo amene ena adawapitirira kwa zaka mazana. Iye adalemba malire napereka dzina. Madzi, madoko ndi malinga olimba zidabwera iye atagona kale. Mutu umodzi susenza denga: mzinda wa dzina lake udasenzedwa ndi mafumu otsatira, amisiri a ngalande, amalinyero a pa zombo, amalonda olipira msonkho, ndi alimi a m'mbali mwa Nile amene sadauone nkomwe.